Galu Wathu Pemiti ndi Chala cha Agogo Anu

Bwerani kuno, ana inu, ndipo kagalu kanuko kaikeni kaye pansi. Thoko, ndati pansi, osati pampando wanga. Chibwerere kagaluka mwakhala mukukapsompsona pakamwa ngati m'bale wanu wochokera kumudzi. Mwakatcha Bhubesi, mkango m'Chizulu, eti? Mkango wanji wothawa tsache? Lindiwe, usaseke, iwe ndi amene unakagoneka m'bulangeti lako, ubweya ndauona. Ine ndimaona zonse. Ndi luso lokhalo limene ndinabadwa nalo.

Amayi anu andiuza kuti mukukana zoti Bhubesi akabayidwe katemera Loweruka, ati jakisoni amupweteka. Chabwino, sindikukalipirani. Koma agogo anu aakazi ali kukhitchiniko ali ndi kachipsera koyera pachala cha mkombaphala, kaja mumakasisita mukamawapempha ndalama ya maswiti. Lero ndikuuzani kumene kanachokera, chifukwa inunso munadzera komweko.

Ine ndinakulira ku Ntcheu, kwa agogo anga a Nangozo. Bambo anabwera kuno ku Joni kumigodi ndili m'mimba, n'kubwerera ndi chifuwa chimene chinawatenga ndisanaidziwe nkhope yawo. Mayi anawatsatira ndisanayambe sukulu. Ndiye ndinatsala ndi agogo, koma musaganize za gogo wofatsa wojambulidwa m'mabuku anu. A Nangozo anali ofula nkhumba m'dera lonselo. Inde, munthu wamayi! Kufula n'kutani, Thoko, ukafunse abambo ako. Ankayenda ndi lumo lokulunga pakansanza, mchere ndi phulusa, ine pambuyo nditanyamula chingwe ndi kamtengo kosalala. Ankalankhula kuyambira dzuwa kutuluka mpaka kulowa: kulankhula ndi nkhumba, kukalipira mwini nkhumba, kudzifunsa, kudziyankha okha. Mawu onse a banja lathu anathera kwa iwo, ine sanandisiyireko. Anthu anangonditcha Phee, ndipo dzinalo linakwera nane basi mpaka kuno.

Munthu akafuna kugula nkhumba, ankayamba waitana agogo. Ankaigwetsa pansi, kuikanula kukamwa ndi kamtengo kaja, n'kusuzumira kunsi kwa lilime. Akaonako timibulu toyera ngati mpunga, ankadzuka n'kusansa chitenje. "Iyi mudye nokha, ine moyo sunanditopetse." Nyama yofa yokha sinkalowa pakhomo pathu, ngakhale mudzi wonse ukununkhira zootcha. Mkaka unkayamba wawira. Ine ndinkameza malovu anzanga akunyambita zala. Koma lamulo lawo lalikulu linali ili: "M'kamwa mwa nyama mumalowa mtengo, Phee, dzanja ayi. Mtengo ulibe ana oulira."

Kwathu galu sankatchedwa mkango. Dzina la galu linali uthenga wopita kwa anansi. Ukayambana ndi mlamu wako, unkatcha galu wako Mwatopa kapena Mulibemanyazi, ndiye madzulo aliwonse unkaima pakhonde n'kumamuitana mokweza, mlamu akumva, koma mlandu osakupeza nawo. Mnansi wathu, a Zakaliya, anali ndi galu wosaka dzina lake Akanene. A Zakaliya anali chimunthu champhamvu, akamavina ngoma fumbi linkangoti koboo.

Chaka china, nthawi yokolola, Akanene anasintha. Sanalusire munthu ayi. Anangofatsa, n'kukagona pansi pa nkhokwe, kukamwa kuli yasa, dovu lili chuchuchu, ndipo akauwa mawu ankamveka ngati a galu wina. Aliyense anati fupa lamuima pakhosi. Agogo anali atapita kutsidya kukafula. Ndinaona a Zakaliya akupinda malaya n'kulowetsa dzanja m'kamwa muja. Fupa sanalipeze. Anangotuluka ndi kabala kakang'ono. Anachita zimene aliyense ankachita masiku amenewo: kudula ubweya wa kumchira kwa galu yemweyo, kuuotcha, n'kupaka phulusa lake pabala. Bala linapola bwinobwino. Koma mvula yoyamba isanagwe, a Zakaliya anali akuthawa chikho cha madzi ngati muli njoka. Zotsatira zake sindikuuzani, ndinu ana. Pochokera kumaliro agogo anakhala chete njira yonse, ndipo ndi tsiku lokhalo ndinawamva ali chete. Pofika pakhomo anangoti, "Chiwewe sichibwera ndi ukali nthawi zonse. Pena chimabwera ngati chopempha thandizo."

Musakwinye nkhope, nkhaniyi ikupita kwabwino.

Agogo atamwalira, ine ndevu zitamera kale, ndinagulitsa nkhumba zawo n'kukwera basi. Inu mumadandaula takisi ikachedwa pang'ono kudzadza. Ife tinadutsa Mwanza, Tete kotentha ngati m'ng'anjo, Zimbabwe yense, titakhalira matumba a ufa, basi ikununkha usipa moti asilikali a pamalire ankaisecha atagwira mphuno. Ndinatsikira pa Park Station nthawi yachisanu nditavala malaya amodzi. Kuzizira kwa ku Ntcheu ndinkati ndiye kuzizira. Kwa kuno kunandiphunzitsa ulemu.

Ndinapeza ntchito ya m'gadeni ku Randburg. Madamu anandikonda chifukwa sindinkayankha. Kumeneko ndiye ndinaona zodabwitsa: agalu ogona pasofa, agalu okhala ndi mbale yolembedwa dzina, agalu okhala ndi dokotala wawowawo, pomwe ine wa mano ndinali ndisanamuonepo. Chaka ndi chaka tinkawakweza m'galimoto kupita nawo kukatemera, ine kumbuyo nditawagwira. Dokotala wa agaluyo, ataona kuti sindiopa agalu, anandichenjeza tsiku lina. Anati galu wosamudziwa akadzandiluma kapena kundikala, ndidzatsuke balalo ndi sopo pampopi kwa nthawi yaitali, ndipo ndidzapite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa jakisoni woteteza munthu alipo, koma amagwira ntchito matenda asanaonekere. Akaonekera, palibenso chochita. Ndinangogwedeza mutu, koma mumtima ndinati, kalanga a Zakaliya, sopo tinali naye.

Ndinkagona ku Marlboro, m'fakitale yakale imene tinaigawa zipinda ndi matabwa. Mnzako akayetsemula chipinda chinacho, iwe unkati pepani. Mpopi unali umodzi, panja. Magetsi kunalibe, tinkaphika papulaimasi wa parafini, wopopa ndi dzanja, amene inu mutamuona mungati ndi bomba. Tinali Amalawi okhaokha. Kunali Che Amidu a ku Mangochi, amene ankagulitsa nsomba zouma ku Joubert Park, ndipo kunali a Chimbalanga, nkhalamba ya kumigodi yosavula chipewa, imene ikapsa mtima Chichewa chinkaithawa n'kuyamba Chifanakalo, chinenero chosakaniza cha m'migodi.

Ndiye kunabwera mwana wa mlongo wawo a Chimbalanga, a Esinala. Amuna awo anali atamwalira, ndipo kumudzi ku Balaka anasiyako kamwana kakakazi kongoyamba kumene kulankhula. Kamwanako dzina lake Chisomo. Eya, Lindiwe, amayi ako omwewa, amene lero amakukalipira za mbale. A Esinala ankakazinga mandasi pageti, kuno mumati magwinya, n'kumagulitsa kwa anthu a m'mafakitale. Akaseka, nkhunda zinkauluka padenga. Ine m'mawa uliwonse ndinkaima pamenepo n'kunena kuti, "Awiri." Chisanu chonse chinatha, mawu anga ali omwewo. Anyamata ena ankafunsira ndi pakamwa, ine ndinkafunsira ndi mimba.

Mwamva? Agogo anu akukuwa kukhitchiniko kuti masiku ena ndinkalipira n'kuiwala kutenga mandasiwo. Nzoona. Musawauze kuti ndavomera.

Pabwalo pathupo panali galu wofiirira wopanda mwini. Anthu anamutcha Pemiti, dzina la chikalata chokhalira m'dziko muno, ati chifukwa aliyense ankamufuna koma panalibe amene anali naye. Apolisi akafika, tonse tinkalowa m'zipinda, Pemiti yekha ndiye ankawalandira pageti akugwedeza mchira. Ankagona pafupi ndi mbaula ya a Esinala, ndipo ndasi loyamba la tsiku lililonse linali lake. Nthawi ina anasowa, n'kubwerako khutu litang'ambika, tinangoti wamenyana ndi anzake kumtsinje.

Linali Lamulungu masana, nyengo yotentha. Ine ndinkachokera ku Randburg, kumene ndinagona masiku angapo ndikulondera nyumba, mabwana atachoka. Ndisanalowe pageti ndinamva galu akuuwa. Anali mawu a Akanene. Zaka zonse zija, mtunda wonse uja, mawu omwewo.

Anthu anali ataunjikana kuseri kwa chilole chakufa chimene chinali pabwalo.

"Ndi minga ya nsomba zako, Amidu! Wamupha galu wathu!"

"Nsomba zanga sizinaphepo munthu! Galu wanuyu ndi wadyera, amameza osatafuna ngati eni ake!"

Dzulo lake kunali kutafika chambo chouma kuchokera kumudzi, bwalo lonse linadya, ndipo minga yonse inapita kwa Pemiti. Ndiye aliyense anali wotsimikiza. Nditapyola pakati pa anthu ndinaona Pemiti ali gone, kukamwa yasa, dovu chuchuchu. A Esinala anali atagwada, akadali ndi zovala za kutchalitchi, dzanja lili m'kamwa mwake.

"Pepa, mwana wanga, pepa," ankatero. Kenako anatulutsa dzanja msangamsanga. "Munga mulibe, koma wandikala ndi dzino." Magazi ankatsika pachala.

"Bweretsani sizasi!" anatero a Chimbalanga. "Dulani ubweya wa kumchira. Wina ayatse pulaimasi."

"Asayerekeze munthu kumugwira galuyo!"

Ndinadabwa nane kuti mawuwo atuluka mwa ine. Bwalo lonse linatembenuka. Mayi wina anagwetsa mbale. "Kodi a Phee amalankhula?"

Ndinawagwira a Esinala pamkono n'kuwakokera kumpopi. Panali mzere wa zidebe, ndinazikankhira kumbali ndi phazi. Ndinatola sopo wochapira zovala wa munthu wina, mpaka lero sindidziwa mwini wake, n'kuyamba kutsuka chala chija madzi akuthira.

"A Phee, mwapenga? Anthu akuona!"

"Aone."

"Ndisiyeni dzanja."

"Sindisiya."

Ndinatsuka, kutsukuluza, kupakanso sopo, kutsukanso. Thovu linayenderera mpaka kugeti. Amayi anayamba kugwirana mapewa n'kumaseka, wina mpaka analuluta. A Chimbalanga anafika chipewa chili pambali.

"Haikona! Ini lo, wena? Mwana wa mlongo wanga ukumugwira dzanja dzuwa likuswa mtengo, pamaso panga, wopanda nkhoswe, wopanda ndi nkhuku yomwe?"

"Bambo, galuyu ali ndi chiwewe."

Anthu anaseka. "Pemiti? Chiwewe? Waluma ndani? Si uyu wangogona ngati mwana?"

Pamenepo ndinawafotokozera za a Zakaliya, dzanja ndisanalisiye. Ndinanena za nkhokwe, za fupa limene kunalibe, za ubweya wootcha, za bala lopola bwino, za chikho cha madzi. Ndinalankhula mawu oposa onse amene ndinalankhulapo chibwerere ku Joni. Pomaliza kunalibenso woseka. Che Amidu ndi amene anayamba kusuntha. Anaitana amuna awiri, n'kumukankhira Pemiti m'kachipinda kopanda munthu ndi matabwa aataliatali, n'kutseka.

"Tsopano tipite kuchipatala," ndinatero.

A Esinala anachotsa dzanja lawo. "Kumeneko ndiye ayi."

Inu munabadwira kuno, muli ndi mapepala, simungamvetse msanga. Masiku a m'pasipoti mwawo anali atatha kalekale. Tonse tinkakhulupirira kuti ukalowa pakhomo lililonse la boma, potuluka utulukira m'galimoto ya apolisi. Anthu ankadwala m'zipinda muja osapita kulikonse.

"Akakandigwira n'kundibweza, Chisomo adya chiyani?" anatero. "Ufa wake ukuchokera pambaula iyi. Ndikadzipereke ndekha chifukwa cha kabala ngati ka singano? Mwatsuka kale, zikomo, basi."

"Akunena zoona," anatero a Chimbalanga, tsopano m'Chichewa chofatsa. "Tiyambe taona mawa."

Ndinayang'ana pansi. Ndinkafuna mawu abwino, koma ndinalibe, ndiye ndinanena amene analipo.

"Achemwali, akakubwezani kumudzi, Chisomo aona amayi ake akutsika basi. Mukakhala pano, adzaona bokosi. Ine ndinakula wopanda mayi. Agogo anandilera bwino, sindidandaula, koma mpaka lero ndikamva mayi akuitana mwana wake madzulo, ndimacheuka. Mwana wanu sindikumufunira zimenezo."

A Esinala anayang'ana chala chawo. Kenako anamanganso duku lawo mwamphamvu.

"Tiyeni. Koma dzanja mundisiye, ndiyenda ndekha."

"Inenso ndikupita," anatero a Chimbalanga. "Mnyamata uyu sindikumukhulupiriranso."

M'takisi anakhala pakati pathu.

Kuchipatala tinadikira pabenchi, a Esinala akungoyang'ana kukhomo munthu aliyense wa yunifolomu akadutsa. Nesi amene anatilandira anali mayi wa Chizulu, wonenepa, wa mawu ngati a Nangozo. Atamva nkhani anagwira m'chiuno.

"Hawu, sisi! Dzanja m'kamwa mwa galu? Unatayamo chiyani, mphete?"

Anafunsa mafunso ambirimbiri, mtima wathu uli m'mwamba kudikira funso lija la mapepala. Koma mafunso onse anali a galu. Ali kuti? Wayamba liti? Wina amene wakhudza dovu lake ndani? Analemba dzina ndi kumene tinkakhala, basi. Wapolisi sanaitanidwe. Atayang'ana chala anafunsa kuti watsuka ndani. A Esinala anandiloza ndi chibwano.

"Wachita bwino, baba. Ndi amuna ako awa?"

"Ayi!" anatero a Esinala.

"Sitinadziwebe," anatero a Chimbalanga.

Anawabaya mozungulira bala, n'kuwabayanso paphewa. Agogo anu, amene amakusekani mukamalira ndi jakisoni, anakuwa moti mwana wa pabenchi lina analeka kulira kuti awaonere. Nesi anati abwerenso maulendo angapo, asadumphe ngakhale umodzi, ndipo onse amene anagwira dovu abwere nawonso. Che Amidu, amene dovu linawadonthera pomukankha Pemiti, anapita mawa lake akung'ung'udza kuti akubayidwa chifukwa cha bodza lonamizira nsomba zawo.

Anthu a zaziweto anabwera kudzamutenga Pemiti. Sanabwererenso. Patapita masiku uthenga unafika kuti chinali chiwewe ndithu. A Esinala anamulira galu ameneyu, ndipo kwa nthawi yaitali ndasi loyamba ankaliika pambali asanakumbuke. Anthu aja anabweranso ndi galimoto kudzabaya agalu ndi amphaka a dera lonse, ndipo a Chimbalanga ndi amene ankayenda patsogolo khomo ndi khomo, akukalipira anthu m'Chifanakalo, ngati nzeruyo inali yawo chiyambire.

Maulendo otsalawo ndinkawaperekeza ndine. Ndinapempha kwa madamu, ndipo anadabwa kwambiri kumva ndikupempha kanthu moti anangovomera. A Chimbalanga anatopa paulendo wachiwiri. M'takisi a Esinala ankalankhula njira yonse: za ku Balaka, za mtengo wa mafuta ophikira, za mano a Chisomo, za chipewa cha amalume awo. Ankadzifunsa n'kudziyankha okha. Ine ndinkangomvera, ndipo ndinazindikira kuti mtima wanga wakhala pansi ngati kale, ndikuyenda pambuyo pa a Nangozo ndi chingwe changa.

Tsiku lomaliza, titatuluka pageti la chipatala, anaima.

"A Phee, jakisoni watha lero. Mawa mupeza chifukwa chanji?"

Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Muli ndi mawu, kapena ndinene ndekha?"

"Nenani nokha."

Ndipo ananena okha, ana inu. Anadzifunsira, n'kudzivomera, n'kundiuza tsiku loti nditumize ankhoswe. Ine mbali yanga inali kugwedeza mutu.

Mwana wamasiye kudziko la eni, nkhoswe amutenga kuti? Che Amidu anati, "Ndipita ndine. Mwati nsomba zanga ndi zimene zinayambitsa, ndiye ndimalize." Anavala mkanjo wawo woyera n'kukakhala pamphasa ndi akuluakulu a mpingo wathu. A Chimbalanga anavula chipewa, koyamba anthu kuona dazi lawo, n'kunena kuti, "Ife tikungotsatira mwambo. Dzanja analitenga kale pampopi, tonse tikuona." Tinavina m'fakitale muja mpaka matabwa a zipinda ziwiri anagwa.

Chaka chotsatira tinaitanitsa Chisomo. Anatsika basi pa Park Station atagwira chitenje cha mayi wina amene tinamutuma, akununkha usipa ngati mmene ndinanunkhira ine. Amayi ake anamunyamula akulira, akuseka, akulankhula zonse nthawi imodzi. Kamwanako kanandiyang'ana kudzera paphewa lawo, kali phee. Inenso ndinakayang'ana, ndili phee. Tinamvana pomwepo. Pofika ku Marlboro kanali katagona pamiyendo yanga.

Ndiye mukamva anthu akunena kuti magazi a agogo Phee mwa inu mulibe, musakangane nawo, akunena zoona. Ine ndinalowa m'banja lino kudzera pampopi, ndi sopo wobwereka.

Loweruka Bhubesi ndimunyamula ndine. Thoko ugwira chingwe, Lindiwe umutseka m'maso ngati ukuopa kuti aona singano. Alira pang'ono, koma sangapose agogo anu. Ndipo tsiku lina mukadzaona galu wofatsa modabwitsa, kukamwa kuli yasa ngati wamezera fupa, kaya ndi wanu kaya ndi wa eni, manja m'thumba, mudzaitane akuluakulu.

Imvani, akuitana. Akuti, "A Phee, mwalankhula za chaka chonse, tiyi akuzizira!" Dzukani. Muyambe mwadzera kumpopi, ndi sopo, ndikuonani. Mukatero mupite kukhitchini, ndipo ngati milomo yanu ikuyabwabe kufuna chopsompsona, chala chija chilipo.